Dimba la Madzi a M'birika

A Mwinyi anamwalira mwera uli pachimake, chaka chija atropa, asilikali a Chipwitikizi, anayamba kuwerenga mabwato a pa Chiwanga ngati mbuzi zolowa m'khola. Sikuti inawatenga nkhondo kapena nyanja, ayi. Chinali chifuwa wamba, chinawagwira masiku owerengeka basi n'kupita nawo. Anasiya ngalawa yowola matabwa, maukonde, ndi akazi awiri amene zaka zonse zomwe anakhala mumpanda umodzi sanapisepo dzanja m'mbale imodzi.

Wamkulu anali a Mwasiti, mwana wa pagombe pomwepo, mayi wathupi, mawu awonso athupi. Malo amene panali nyumba ziwirizo anali a malemu mayi awo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Wamng'ono anali Anifa. A Mwinyi anakamutenga kumapiri a ku Maniamba ali pa ulendo wosinthanitsa usipa ndi chimanga, n'kubwera naye monga munthu amabwerera ndi dengu latsopano, osayamba wafunsa kunyumba. A Mwasiti mkwiyo wonse umene ukanapita kwa mwamuna anautulira pa mtsikanayo, monga zimakhalira. Anifa sanabereke, choncho analibe mwana woti n'kumumangirira pamalopo.

Tsono kwa Asilamu a kuno, mwamuna akamwalira mkazi amalowa eda. Miyezi inayi ndi masiku ena pamwamba amakhala mumpanda osatuluka, osadzola zonunkhira, osaonana ndi mwamuna amene si mbale wake. Kwa mkazi mmodzi n'zolemera kale. Nanga awiri, oti moni amapatsana ngati akulavula minga ya nsomba? Anthu ankadutsa kunja kwa mpanda wa bango uja atatchera khutu, kudikira tsiku limene miphika idzauluke.

Olira maliro atabalalika kunabwera a Abeid, mlongo wawo wamng'ono wa a Mwasiti. Poti mumpanda munali Anifa, anaima kunja n'kumayankhula kudzera m'mipata ya bango.

"Achemwali, eda ikatha mnzanuyo tidzamperekeze kwawo. Chimene chinamubweretsa kuno chapita. Mlendo ndi mame."

"Ndamva," anatero a Mwasiti.

Anifa anali kuseri kwa nyumba yake akupeta mpunga, ndipo anamva zonse. Kwawo kutiko? Mudzi wake unali utasanduka bwinja. Atropa anasonkhanitsa anthu m'mudzi wozunguliridwa ndi waya pafupi ndi msewu, ena anathawira kutchire, ena anaolokera kutsidya kwa nyanja. Mayi ake anamwalira kalekale. Kunatsala malume mmodzi amene ngakhale nkhope yake sankaikumbuka bwino. Anachita mantha, mantha enieni. Kuno sankakondedwa, inde, koma kunali denga limene ankalidziwa podontha pake, ndipo mwamuna wake anagona kuno.

Masiku a eda ndi aatali. Nyanja inali poteropo, mafunde akumveka ngati ali pakhonde, koma madzi ankachita kudikira. Salha, mwana wa a Mwasiti wokwatiwa kumtunda kwa mudzi, ndiye ankawatungira m'mawa ndi masana, mwana kumsana, mimba ina kutsogolo. Ndiwo nazo zinali za mwayi. Atropa ankalola mabwato kuyenda m'mphepete mokha, dzuwa lili kunja, ndipo usipa ndani amaupha masana? Pakhomo pa a Mwinyi, pamene kale amphaka ankachita kusankha nsomba, tsopano pankafika kausipa kokwana m'dzanja.

Anifa anali ndi dimba lake kumtsinje, la dothi lakuda, koma tsopano linali la mbuzi za eni. Chimene chinamutsalira chinali timaphukusi ta mbewu timene ankasomeka kudenga pamwamba pa moto, kuti utsi uzipirikitsa anankafumbwe. Tsiku lina anatitsitsa, anatenga kakhasu kake, n'kuyamba kuunda mizere pakati pa nyumba yake ndi khola la mbuzi. Manja ankafuna ntchito, n'zoona. Koma panalinso kachiyembekezo kena kamene ankachita nako manyazi: kuti mwina munthu wodyetsa pakhomo sathamangitsidwa msanga.

A Mwasiti anatuluka atamva khasu.

"Mwamuna sanazizire n'komwe m'manda, iwe wayamba kale kukumba ena?"

"Ndi timizere ta mpiru, amayi."

"Mpiru. Basi, tasanduka mbuzi." Anayang'ana mizere ija kuchokera uku mpaka uko. "Nanga madzi ake? Mwana wanga si bulu wako. Dontho limodzi loonjezera usamupemphe."

"Sindimupempha."

Ndipo sanamupemphedi. Madzi otsukira mpunga, otsukira mbale, otsukuluzira miphika, onse ankasungira mbewu. Kenako anaganizira za madzi a m'birika, kaketulo kotawazira. Msilamu amatawaza kasanu pa tsiku asanaswali: manja, m'kamwa, nkhope, mikono, mpaka mapazi. Madzi onsewo ankangothera m'mchenga kuseri kwa nyumba. Anifa anakunkhuniza mwala umene ankakhalapo potawaza mpaka kumutu kwa mizere, n'kukumba kangalande koti madziwo aziyendamo.

A Mwasiti ataona anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti tizidya ndiwo za madzi a kumapazi? Kwanuko n'zimenezo? Ine toto, udya wekha."

Kuyambira tsiku limenelo madzi awo otsala ankakawakhuthula mbali ina ya bwalo, atakweza mkono m'mwamba kuti amveke bwinobwino akugwa.

Mpiru unamera, timasamba tiwiritiwiri. Koma Anifa analima ngati ali kwawo, kumene dothi lofiira limagwirana ndipo mzere umaima chaka chathunthu. Kuno n'kumchenga. Akathira madzi pamwamba ankatsetserekera m'mbali, dzuwa likakwera mzere wonse n'kuuma ngati ufa. Mwera utabweranso ndi mphamvu unasesa mizere ija n'kusiya mizu pamtetete. Pasanapite nthawi panalibe chobiriwira. Anifa anatola timpiru touma tija, anapuma pang'ono, n'kuyamba kuunda mizere ina, yokwera kuposa yoyamba.

Apa ndi pamene a Mwasiti analephera kupirira. Mayi amenewa akanatha kukhala chaka osakuyankhula, koma kuona munthu akulakwitsa ntchito pamaso pawo kunkawawawa kuposa dzino lobooka.

"Iwe, unaonapo ng'ona itaikira mazira pamwamba pa mchenga?"

Anifa anaima, khasu lili m'manja.

"Imakumba. Mchenga kuzizira kwake kuli pansi. Tili ana, dzuwa likatiotcha pagombe tinkakwirira mapazi. Iwe ukumanga mapiri a kwanu pabwalo langa. Kumba maenje, mbewuzo zibisale." Atatero anazindikira kuti athandiza munthu, ndiye anaonjezera msanga. "Sikuti ndidya nawo."

Anifa anakumba maenje olekeza m'chigongono, otakata ngati lichero. Pansi anaika masamba a mango osesa pabwalo ndi mankhusu a mpunga. Pamwamba anathira manyowa akalekale a m'khola la mbuzi, ofumbutuka bwino, atasakaniza ndi kaphulusa ndi mchenga womwewo. Kumene kumachokera mwera anaimikako kampanda ka bango lotsala. Kangalande ka pamwala ankakatembenuza ndi chala, lero dzenje ili, mawa linalo.

M'nyengo yozizira ija mpiru unakondwa. Pofika arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, amayi obwera kudzaphika ankasuzumira kuseri n'kumakodolana. Panali mpiru, panali kove, mbale wake wa repu, wa masamba otambalala ngati chikhatho cha mpalasi wa bwato, ndi timatimati tongoyamba kuimirira. Wina anafunsa a Mwasiti ngati dimbalo linali lawo.

"Langa? Mukundiona ndamera nyanga?"

Ife a kunyanja timatero. Masamba timawanyoza pakamwa pali nsomba, ndipo timapitiriza kuwanyoza ngakhale nsombayo itatha, chifukwa kunyozako sikulira ukonde.

Tsiku lothyola koyamba Anifa anatendera mpiru ndi nsinjiro, anagawa mbale ziwiri, ina n'kukaika pakhomo pa a Mwasiti. Inabwerera mmene inapitira. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku linalo inabwera yopanda kanthu, yotsukatsuka.

"Ndapatsa nkhuku," anatero a Mwasiti.

"Zikomo, amayi."

"Nkhukuzo zati mchere unachepa."

Anifa anatembenuka msanga kuti asaoneke akumwetulira. Mawa lake anaonjezera mchere. Ndipo nkhuku zenizenizo, za a Mwasiti omwewo, zitapeza mpata pabango n'kulowa m'maenje kukapalasa, amene anaziponyera chigubu anali eni ake. Anati zinkawasokosera.

Kenako mwera unaleka, ndipo chilimwe chinalowa monga chimalowera kunyanja kuno, chopanda odi. M'mawa vuma ankatsika kumapiri ali wotentha kale, atanyamula phulusa la lupsa. Anifa ankayang'ana utsi kumapiriko osadziwa ngati ndi alenje akuotcha tchire kapena ndi midzi ikupsa. Masana mchenga wa pabwalo sunkapondeka. Mpiru unathamangira maluwa n'kuyamba kuwawa, kove anadzaza nsabwe kunsi kwa masamba. Nsabwezo anaziwaza phulusa m'mamawa, zokanika anazitsuka ndi madzi onyikamo fodya ndi tsabola. Mpiru anauzula, kusiyako iwiri itatu ya mbewu, n'kudzala zopirira dzuwa: bonongwe, therere ndi khobwe. Maenje onse anawaphimba ndi udzu wakale wa padenga la khola kuti chinyezi chisathawe.

Koma madzi! Birika la munthu mmodzi ndi birika la munthu mmodzi. Salha mimba inali itakula, mapazi atatupa, ndipo maulendo a kunyanja anachepa. Dzuwa likafika paliwombo matimati ankalefuka, Anifa n'kulefuka nawo limodzi, chifukwa m'mutu mwake zinali zitamangana kuti dimbalo likafa ndiye kuti iyenso wanyamuka. Anayamba kuba, kudzibera yekha. Madzi ake akumwa ankangonyowetsa kukhosi, otsalawo n'kukathira therere. Kusamba ankangodzipukuta ndi kansalu konyowa, kenako kansaluko n'kukakafinyira pa bonongwe.

Tsiku lina masana akuwerama kuti akonze udzu uja, anaona mdima. Anatsitsimuka ali pakhonde la a Mwasiti, pamene anali asanakhalepo chibwerere, mutu uli pamwendo pawo, chikho chili pakamwa.

"Imwa. Imwanso. Mtsuko wako ndauona, ukuyesa ndine wakhungu?" Mawu anali aukali, koma dzanja lawo silinachoke pamphumi pake. "Ndaika mwamuna chaka chino. Sindiikanso munthu wina chifukwa cha therere, wamva?"

"Zikafa, amayi..."

"Zikafa n'chiyani? Ndi masamba basi."

Anifa anabisa nkhope pamwendo pawo. Analira, ndipo a Mwasiti anamuleka kuti alire, akumukupiza ndi lichero mpaka dzuwa litapendeka.

M'bandakucha wotsatira, potuluka ndi birika lake, Anifa anapeza pamwala pali munthu kale. A Mwasiti anali atanjuta, akutsuka mikono, madzi akuyenda m'kangalande kupita ku therere.

"Mwala wakowu ukugwedera," anatero osatembenuka. "Udzandigwetsa."

Anifa anatola kamwala n'kukaika kunsi kwake.

Kuyambira pamenepo ankatawaza motsatizana, wina akuthirira mnzake. Mabirika anakhala awiri. Ndipo a Mwasiti sanali munthu wolowa chinthu ndi mwendo umodzi. Atalowa, analowa ndi ulamuliro womwe. Anatulutsa mtsuko wawo wakale wong'aluka kunsi n'kulamula kuti ukwiriridwe mpaka m'khosi pakati pa matimati, uzidzazidwa ndi kuvundikiridwa, kuti madzi azituluka pang'onopang'ono kumizu dzuwa lisanawaone. Salha akabwera ndi kansomba, madzi otsukira ndi mamba omwe ankapita m'maenje.

"Nsomba ndi nsomba," ankatero. "Ngakhale therere akudziwa."

Dzuwa litafika poipa, analowa m'nyumba n'kukoka chilimila chakale cha a Mwinyi, ukonde waukulu uja wa usipa, umene a Abeid anali atauika kale diso.

"Achimwene anu sadzadandaula?" anafunsa Anifa.

"Adzadandaula. Gwira uko."

Anaupinda pawiri n'kuuyala pamitengo pamwamba pa maenje. Pansi pake panagwa kamthunzi ka mawangamawanga, ndipo mbewu zinadzuka. Ukondewo unkanunkha utsi, nsomba ndi thukuta. Kunena zoona unkanunkha a Mwinyi. Masana akaziwo anayamba kukhala pansi pake, poyamba aliyense kumbali kwake, ati pofuna mthunzi. Ndi pomwepo pamene anayamba kumutchula mwamuna uja.

"Nsalu ija, kapulana ya maluwa ofiira," anatero a Mwasiti tsiku lina, akusadzula bonongwe, "anakuuza kuti inalipo imodzi yokha m'loja monse, sitolo ija ya ku Metangula?"

Anifa anadzidzimuka. "Munadziwa bwanji kuti ndili nayo?"

"Anati uibise, mnzako angachite nsanje?"

"Anatero."

"Yanga ili pansi pa bokosi. Zaka zonsezi sindinaivale, kukubisira iwe."

Anayang'anana. Mkazi wa mu eda saseka mokweza, choncho anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Sanadziwe n'komwe pamene kusekako kunasandukira kulira.

"Ndikuwasowa," anatero a Mwasiti, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ngakhale bodza lawo lomwelo ndikulisowa."

"Inenso, amayi."

Matimati oyamba atapsa anamusungira Salha, amene anawadya ataimirira, osatsuka n'komwe, n'kufunsa ngati alipo ena. Therere ankathyola tsiku ndi tsiku. Amayi oyandikana nawo anayamba kutumiza timbale, ena ndi kausipa, ena ndi chinangwa, kuti asinthe ndi masamba a mbuzi aja. Anifa anayamba kugona tulo. Anayamba kukhulupirira.

Mitambo itayamba kuunjikana kutsidya kwa nyanja, a Abeid anabweranso pabango.

"Achemwali, zatheka. Tsiku lotuluka eda kuli kamyao, lole yokwera kumtunda, yoperekezedwa ndi atropa. Ndamupezera malo. Malume ake ali moyo, ali m'mudzi wa waya uja."

Anifa anali pansi pa ukonde, therere ali m'manja. Anasiya kuthyola. Ankadikira mawu amodzi okha.

A Mwasiti anatembenukira kubango.

"Ndamva," anatero.

Aa, mawu amenewo anamupweteka kuposa poyamba paja. Poyamba anachokera kwa munthu womuda. Tsopano anachokera kwa munthu amene m'mawa womwewo anamuthirira madzi m'manja. Sanafunse kanthu. Pamalo a eni umapempha mchere, supempha kukhala. Anangochita zimene mlimi amachita akaona kuti nyengo yatha. Therere wabwino anamusiya kuti akhwime mpaka kung'aluka. Matimati akupsa kwambiri anawafinyira pansanza n'kuyanika pamthunzi. Ngala za bonongwe anazipukusira m'lichero, khobwe anamusenda. Mbewu iliyonse anaigawa pawiri, n'kumanga timaphukusi tiwiritiwiri.

Eda itatsala pang'ono kutha kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa moto wa kumapiri. Mchenga unanunkhira, maenje anadzaza madzi mpaka m'milomo. Itakata, Anifa anatenga theka la timaphukusi tija n'kupita nato pakhonde la a Mwasiti. Anagwada.

"Izi ndi zanu, amayi. Mvula ikakhazikika maenjewa amaipa, mizu imaola. Mudzawakwirire, muunde mizere ngati ija munandiseka nayo ija. Dzinja ndi la mizere. Ukonde mudzauchotse, mbewu zizilandira dzuwa. Maungu mudzadzale kumpanda kuti ayange pabango, ndipo khobwe..."

"Chotsa."

"Ndimangoti mudziwe, poti ine..."

"Ndati chotsa. Unandionapo nditagwira khasu? Ine ndine wa kunyanja."

Analowa m'nyumba n'kukankha chitseko. Tsiku limenelo anatawaza okha, Anifa atachoka pamwala. Anifa anasiya mbewuzo pakhondepo, nakamanga katundu wake. Sanachedwe, mtolo wake unali waung'ono. Zaka zonse zija zinakwana m'nsalu imodzi, ndipo zimenezo zinamumvetsa chisoni kuposa china chilichonse.

M'mawa wa tsiku lotuluka amayi a m'mudzi anabwera kudzawatenga. Anawatsogolera kunyanja, anawasambitsa, anawadzoza mafuta, n'kuwaveka makapulana atsopano. Anifa analowa m'madzi mpaka m'khosi. Madzi ochuluka chonchi, ongokhala, opanda wowayeza ndi chikho! Anatapa ndi manja n'kumwa, ngakhale analibe ludzu, poganiza kuti kumene akupita nyanja adzangoimva m'nkhani. Pobwerera, a Mwasiti anapatukira njira ya kumtsinje osauza munthu.

Kunyumba anapeza a Abeid ali mumpanda, popeza tsopano zinali zololedwa. Sanali munthu woipa, anali munthu wofuna kuti zinthu zithe mwadongosolo. Kumsewu kamyao inali italiza kale hutala.

"Tiyeni, mayi, angatisiye," anatero kwa Anifa.

"Ndidikireko pang'ono, nditsanzike."

"Achemwali mukuwadziwa. Mwina sakufuna zotsanzikana."

Anifa anaona kuti mwina n'zoonadi. Anasenza mtolo wake. Anayang'ana dimba kamodzi kokha. Bonongwe anali atakula ndi mvula ija, mpaka nsonga zikutuluka m'maso a ukonde. Anatembenuka n'kulunjika pachipata.

Pachipatapo panali potseka. Panali a Mwasiti, akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu, kapulana yatsopano ija ili matope okhaokha. Pamutu anasenza mwana wa nthochi ndi chitsa chake chomwe, wozulidwa kumunda wa malemu mayi awo. Mmene anamuzulira popanda khasu akudziwa ndi Mulungu, koma zala zinali zikutuluka magazi. Anamutula pamapazi pa Anifa.

"Tula chimtolocho. Katenge khasu."

"Amayi, kamyao..."

"Pafupi ndi mwala paja. Dzenje lalikulu, manyowa ambiri."

Anifa anayang'ana nthochi ija, kenako anayang'ana a Mwasiti.

"Nthochi sibereka chaka chomwecho, amayi."

"Ukundiphunzitsa nthochi ine? Ndikudziwa."

A Abeid anakhosomola. "Achemwali, tinagwirizana. Munati mwamva."

"Ndinamvadi, makutu ndili nawo. Unkafuna ndizikangana nawe kudzera pabango ndili mu eda, mudzi wonse ukumvetsera? Lero ndatuluka. Malo ano ndi a mayi anga, ndipo wodzala nthochi ya mayi anga ndimasankha ndine. Kawauze a kamyaowo azipita. Ikabereka udzabwere udzafunse."

"Nthochi ikabereka imasiyanso ana," anang'ung'udza a Abeid.

"Ndiye udzafunse anawo akabereka."

A Abeid anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana kumwamba, n'kutuluka kupita kumsewu akupukusa mutu. Mumpanda munatsala awiri. A Mwasiti anapukuta manja pa kapulana yothathayo, ndipo atayankhulanso mawu awo anali atachepa, ngati si iwo.

"Mbewu zako ndinazikana chifukwa mbewu amapatsa munthu amene akumusiya. Ine ndasiyidwa kale kamodzi chaka chino, sindikufunanso. Sindidziwa kupempha, unandiona kale. Koma ndikupempha. Khala, mng'ono wanga."

Mtolo unatsika wokha pamutu pa Anifa. Anafuna kugwada, koma a Mwasiti anamugwira mkono n'kumukankhira kumene kunali khasu. Anakumba akulira, osaona n'komwe pamene khasu likugwa, a Mwasiti akututa manyowa m'khola ndi lichero lawo labwino lija. Kumsewu kamyao inalira, inakwera chitunda, mpaka phokoso lake linasowa kumapiri. Palibe anatukula mutu.

A Mwasiti anaimika nthochi m'dzenje n'kuigwira ndi manja awiri, Anifa akukwirira ndi kupondaponda.

"Yapendeka," anatero a Mwasiti.

"Mwaigwira mopendeka ndinu, amayi."

Kanali koyamba kuwayankha chibwerere pa Chiwanga. A Mwasiti anamuyang'ana, anayang'ana nthochi, n'kuiwongola.